Mbewu m'Firiji, Mbiri Yake m'Kompyuta: Kuyendetsa Seva ya Database ndi Code

[NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

MUULUTSI: A ku Namitete, a ku Nsaru, a kwa Kabudula, a ku Mpingu, a ku Nambuma, takulandirani m'pulogalamu yathu ya sayansi ndi luso lamakono. Lero tili pa Chitedze, malo ochitira kafukufuku wa zaulimi omwe ali makilomita 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe mukamalowera ku Mchinji. Malo ano adatsegulidwa mu 1948. Ambirife tikamadutsa pa minibasi timangoona mitengo italiitali ndi timinda tokhala ndi zikwangwani, osadziwa kuti mtedza wofiira wa CG7 womwe timagula pa Msundwe udayesedwa m'timinda timeneti usadaperekedwe kwa alimi mu 1990. Koma lero sitikamba za kalimidwe. Tikamba za zolembedwa zomwe zimatsata mbewu iliyonse, ndi m'mene wachinyamata wodziwa kompyuta angakhazikitsire pulojekiti yoyendetsera seva ya database polemba code. Ndili ndi mayi amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mayi, takulandirani.

MLENDO: Zikomo bambo, ndathokoza pondiitana. Moni kwa onse amene akutimvera.

MUULUTSI: Ndiyambe ndi funso lomwe agogo ena ku Nsaru afunsa kale mumtima. Kompyuta ndi mtedza zikumana pati?

MLENDO: Zikumana m'firiji, bambo. Pano pa Chitedze pali nkhokwe ya dziko yosungira mbewu zamakolo, yomwe idakhazikitsidwa mu 1992. Ogwira ntchito kumeneko amayenda m'midzi kutolera mapira, mawere, nzama, khobwe, chimanga chamakolo ndi zina. Akabwera nazo amaziumitsa kwambiri, n'kuzitsekera m'timapaketi tosalowa mpweya, n'kuziika m'mafiriji ozizira mpaka madigiri 18 kunsi kwa ziro. Tsono mwatsegula firiji, mwatulutsa kapaketi, mkati muli nzama. Zidachokera mudzi uti, boma liti, chaka chanji? Eni ake amazitcha dzina lanji? Zidayesedwa liti komaliza kuti zioneke ngati zikumerabe? Mayankho amenewa akatayika, m'manja mwanu mwangotsala nzama zowiritsa basi.

MUULUTSI: Ndiye mayankhowo ndi amene amakhala mu database.

MLENDO: Eya. Database ndi zolembedwa zosanjidwa m'matebulo okhala ndi mizere ndi madanga, ndipo matebulowo amalozana. Lina ndi la mbewu, lina ndi la midzi komwe zidatoledwa, lina ndi la zotsatira za kuyesa kameredwe. Maganizo osanja zinthu motere adawalemba Edgar Codd wa ku kampani ya IBM mu 1970, ndipo mpaka lero mabanki, zipatala ndi makampani a mafoni akuyendera omwewo. Seva ndiye pulogalamu yomwe imasunga matebulowo. Imakhala pa kompyuta yoyaka usana ndi usiku, kudikira kufunsidwa. Chiyankhulo chofunsira chimatchedwa SQL. Mungauze seva kuti, ndionetse mbewu zonse za ku Dowa zomwe zatha zaka 10 osayesedwa, ndipo yankho libwera musanamalize kupuma.

MUULUTSI: Komatu mayi, m'maofesi ambiri ndimaona anthu akulemba zonsezi mu Excel, ndipo ntchito ikuyenda.

MLENDO: Ikuyendadi, ndipo ine Excel sindiinyoza. Vuto lake n'loti ndi yaulemu kwambiri, chilichonse chomwe mwalemba imalandira, nthawi zina n'kukukonzerani zomwe simunaitume. Akatswiri a majini, tizigawo tonyamula chibadwa cha zamoyo, adalira nayo. Jini yotchedwa SEPT2 ikalembedwa mu Excel inkasanduka deti la 2 September, MARCH1 n'kusanduka 1 March. Kafukufuku wa mu 2016 adapeza kuti mwa zolemba zasayansi zomwe zidali ndi mindandanda ya majini ya mu Excel, pafupifupi chimodzi mwa zisanu zilizonse chidali ndi cholakwika chimenechi, mpaka mu 2020 mayina ena a majini adachita kusinthidwa. Chaka chomwecho ku England, zotsatira za anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sizidafike m'malipoti pa nthawi yake chifukwa fayilo ya Excel yamtundu wakale imathera pa mizere 65,536. Palibe chidalira, mizere yotsalayo idangogwera panja mwakachetechete. Seva ya database mukaiuza kuti danga ili ndi la deti, munthu akalembamo dzina imakana pomwepo.

MUULUTSI: Chabwino, tavomera, ofesi yaika seva. Nanga code ikubweramo bwanji? Ine ndimaona anyamata akungodina ndi mausi.

MLENDO: Apa ndiye pagona nkhani yonse. Njira zoyendetsera seva zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imeneyo: mutsegula pulogalamu yokhala ndi mabatani, monga pgAdmin kapena phpMyAdmin, mudina apa tebulo labadwa, mudina apo danga lawonjezeka. N'zofulumira, n'zokoma. Koma kudina sikusiya mapazi. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale mwiniwake wodinayo sakumbukira kuti adasintha chiyani, liti, chifukwa chanji. Ndipo kwathu kuno mukudziwa m'mene ntchito za mapulojekiti zimayendera. Thandizo la ndalama latha, mnyamata wa kompyuta wapeza ntchito kwina, kapena wapita kukawonjezera maphunziro ku Bunda kapena kunja. Seva yatsala ikulira m'kachipinda, aliyense akuopa kuikhudza. Tsiku lomwe idzazime, ofesi yonse idzasowa mtengo wogwira.

Njira yachiwiri n'njakuti chilichonse chomwe mukufuna seva ichite muchilembe m'fayilo: kupanga tebulo, kupereka chilolezo kwa wogwira ntchito watsopano, kutenga kope losungira la database, lomwe timati backup. Kenaka pulogalamu yanu ndiyo iwerenge mafayilowo n'kuuza seva. Mukatero, munthu wina atapatsidwa kompyuta yatsopano yopanda kanthu pamodzi ndi foda yanuyo, angathe kuimikanso seva yonse osakuimbirani foni.

MUULUTSI: Tiyeni tsono tilowe m'ntchito yeniyeni. Pa wailesi sitingaonetse chithunzi, choncho amene muli ndi kope ndi cholembera, sendezani pafupi. Mayi, mtsikana wa ku Mpingu wabwereka laputopu ya achimwene ake. Ayambire pati?

MLENDO: Ayambe wasankha zinthu ziwiri, seva ndi chiyankhulo cholembera. Ine ndingamuuze atenge PostgreSQL ndi Python. Zonse n'zaulere, ndipo zikalowa m'laputopu sizifunanso intaneti. PostgreSQL idayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986, ndipo ndi yomwe ili pansi pa DHIS2, pulogalamu yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala. Ndiye si chidole ayi. MySQL ndi MariaDB nazonso n'zabwino. Amene ofesi yanu idagula kale SQL Server ya Microsoft, musataye mtima: mutsegula pulojekiti ya C# mu Visual Studio, muwonjezera laibulale yotchedwa SQL Server Management Objects kudzera mu NuGet, ndipo zonse zomwe tikambe pano zikukhudzani chimodzimodzi. Chomwe sindifuna n'choti woyamba kumene athe mwezi wathunthu akukangana ndi anzake pa WhatsApp kuti yabwino ndi iti.

Akaika ziwirizo, apange foda yatsopano, aipatse dzina lomveka, tinene kuti nkhokwe. Chinthu choyamba kuchita m'fodamo, asanalembe code ngakhale mzere umodzi, ndi kulemba lamulo loti git init.

MUULUTSI: Git ndiye chiyaninso?

MLENDO: Ndi pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo. Adailemba Linus Torvalds mu 2005. Nthawi iliyonse mukasintha fayilo n'kuuza Git kuti isunge, imalemba amene wasintha, tsiku, mizere yomwe yasintha, ndi chifukwa chomwe mwapereka. Mukalakwitsa mungabwerere pomwe mudali dzulo. Ndiye kuti zathetsa zija za mafayilo otchedwa lomaliza, lomaliza lenileni, lomaliza la bwana.

MUULUTSI: [AKUSEKA] Amenewo pa kompyuta yanga alipo.

MLENDO: Ali paliponse, bambo. Kachiwiri, apange kampanda ka pulojekitiyo ndi lamulo la Python lotchedwa venv. Ntchito yake n'kuti malaibulale a pulojekiti iyi asasakanikirane ndi a pulojekiti ina pa laputopu yomweyo. M'kampandamo aike laibulale yolankhulira ndi PostgreSQL, dzina lake psycopg. Ndiitchule chilembo chimodzichimodzi: p, s, y, c, o, p, g. Lamulo lake ndi pip install psycopg. Akatero alembe dzina la laibulaleyo ndi nambala ya mtundu wake m'fayilo yotchedwa requirements.txt, kuti mnzake wodzalandira ntchitoyo adzaike zofanana ndendende. Ambiri nambalayo amaidumpha, n'kudzadabwa chaka chamawa kuti code yomwe inkayenda pa kompyuta iyi ikukana pa iyo.

MUULUTSI: Nanga pulogalamuyo idziwa bwanji komwe seva ili?

MLENDO: Imafuna zinthu zisanu: adiresi ya kompyuta yomwe pali seva, nambala ya khomo, dzina la database, dzina la wolowa, ndi pasiwedi. Seva ikakhala pa laputopu yomweyo adiresi ndi localhost. Khomo la PostgreSQL ndi 5432, la MySQL ndi 3306, la SQL Server ndi 1433. Tsono imvani bwino apa. Zisanuzi, makamaka pasiwedi, zisalembedwe mkati mwa code. Zikhale m'fayilo yapadera, ambiri amaitcha .env, ndipo dzina la fayilo imeneyo lilembedwe mu .gitignore kuti Git isaitole. Chifukwa chake n'chakuti Git siiwala. Mukasunga pasiwedi kamodzi, ngakhale mutaifufuta mawa, m'mbiri muja idakalimo. Mukakweza fodayo pa intaneti, monga pa GitHub, dziwani kuti pali mapulogalamu a akuba omwe ntchito yawo ndi kufunafuna mapasiwedi oiwalidwa chotere.

Pulogalamu yoyamba ikhale yaifupi, mizere khumi yakwana. Iwerenge fayilo ya zinsinsi ija, ilumikizane ndi seva, ifunse kuti SELECT version, isindikize yankho, itseke. Basi. Yankho likaoneka, akamwe tiyi, wagwira ntchito yaikulu tsiku limenelo.

MUULUTSI: Likapanda kuoneka?

MLENDO: Kawirikawiri silioneka ulendo woyamba, ndipo asadziyese wopepera. Awerenge uthenga wa vutolo mpaka kumapeto, chifukwa umanena chomwe chavuta. Ukati connection refused, ndiye kuti seva sinayake, kapena nambala ya khomo yalakwika. Ukati password authentication failed, seva yamva kugogoda koma dzina kapena pasiwedi sizikugwirizana. Ngati akulumikiza kuchokera pa kompyuta ina, adziwe kuti PostgreSQL ikangoikidwa kumene imamvera kompyuta yake yokha. Kuti imvere ena, pafunika kusintha mafayilo awiri, postgresql.conf ndi pg_hba.conf. Pamenepo anthu otopa amangotsegulira dziko lonse kuti vuto lichoke. Ayi ndithu. Mulembemo makompyuta a mu ofesi mwanu okha.

[NYIMBO YAPAKATI, MASEKONDI 20]

MUULUTSI: Amene mwangotsegula wailesi, tili pa Chitedze, ndipo tikukamba za kuyendetsa seva ya database ndi code. Mayi, talumikiza. Tsopano tipange matebulo?

MLENDO: Pang'ono kaye. Ma database akhale awiri: yoyeserera, pa laputopu, ndi yeniyeni, yomwe ofesi imagwiritsa ntchito. Chilichonse chatsopano chiyambe chadutsa pa yoyeserera. Ndipo pulogalamu yanu ikamayamba izisindikiza ndi zilembo zazikulu dzina la seva yomwe yalumikizana nayo. Pa 31 January 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, atagwira ntchito mpaka usiku, adafufuta foda ya database akuganiza kuti ali pa seva yachiwiri, chonsecho adali pa yeniyeni. Pomwe amazindikira, mwa magigabaiti pafupifupi 300 mudatsala osakwana 5. Amenewo ndi anthu odziwa ntchito, olipidwa bwino. Kutopa sikuona satifiketi.

Tsono matebulo. M'pulojekiti muja mupange foda ina ya mafayilo a SQL, ndipo fayilo iliyonse iyambe ndi nambala: 001 kupanga tebulo la mbewu, 002 kupanga tebulo la mayina, 003 kuwonjezera danga la chinyezi, choncho. Akatswiri amawatcha ma migration. Pulogalamu yanu ya Python iziwayendetsa motsatana, ndipo mu database momwemo mukhale katebulo kolemba manambala omwe ayendetsedwa kale, kuti fayilo isayende kawiri. Zida zochita zimenezi zilipo, monga Alembic ndi Flyway, koma wophunzira ayambe walemba yekha kamodzi kuti amvetse zomwe zidazo zimachita. Lamulo lake n'limodzi: fayilo yomwe yayenda kale pa seva yeniyeni siisinthidwanso. Ngati mudalakwitsa mu 003, lembani 004 yokonza.

MUULUTSI: Mwatchula tebulo la mayina padera ndi la mbewu. Bwanji osangoika dzina pamzere wa mbewu pomwepo?

MLENDO: Tibwerere ku CG7 wanu uja. Bungwe la ICRISAT, lomwe lakhala likugwira ntchito ya mtedza pano pa Chitedze kuyambira mu 1982, limaudziwa mtedza umenewu ndi nambala yoti ICGV-SM 83708. Kuno tidautcha CG7. Ku Zambia womwewo ndi MGV 4. Nsinjiro naye, mtedza wopirira ku matenda a khate, m'mabuku a ofufuza ndi ICGV-SM 90704, koma ku Chipata mukafunse Chishango. Nanga mbewu zamakolo, zomwe mudzi uliwonse uli ndi dzina lakelake? Mukadalira dzina, mtedza umodzi muuwerenga katatu, kapena mbewu ziwiri zosiyana muziphatikiza chifukwa mayina afanana. Choncho mbewu iliyonse ipatsidwe nambala imodzi yosasintha, yosabwerezedwa, yomwe timaitcha primary key. Mayina onse apite m'tebulo lawo, lililonse likuloza nambala ija.

M'fayilo yomweyo muikemo malamulo oti seva izikana zopanda pake. Kameredwe kakhale pakati pa 0 ndi 100, chifukwa palibe mbewu yomera 850 pa 100, koma chala chimaterereka. Danga la boma lisasiyidwe lopanda kanthu. Zotsatira za kuyesa zisalembedwe pa nambala ya mbewu yomwe kulibe. Malamulo otere akakhala m'seva, amagwira aliyense, kaya ndi wophunzira ntchito kaya ndi bwana.

MUULUTSI: Pali china chomwe chimavuta ife a Chichewa makamaka?

MLENDO: Zilipo ziwiri, ndipo mabuku ochokera kunja sazitchula kawirikawiri. Choyamba ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja ka m'mawu monga ng'ombe, Mang'anja, Kang'oma. Mu SQL kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti mawu athera pano. Wophunzira akamamanga funso pomata mawu a munthu mwachindunji, pulogalamu imayenda bwinobwino pa Nsaru ndi pa Nambuma, koma ikafika pa Kang'oma imagwa. Kugwako n'kwabwino, chifukwa kwamuonetsa bowo lomwe akuba amalowera. Munthu woipa angalembe lamulo la SQL m'danga la dzina la mudzi, seva n'kulimvera, mpaka kufufuta tebulo. Chimenechi chimatchedwa SQL injection. Mankhwala ake ndi osavuta: funso lilembedwe ndi mipata, mawu a munthu aperekedwe padera, laibulale ya psycopg ndiyo iwalowetse. Chachiwiri ndi w wa kadenga, uja ena amalemba m'dzina la Malaŵi. Popanga database nenani kuti zilembo zikhale za UTF-8. Mukapanda kutero, mudzapeza timabokosi ndi zizindikiro za mafunso pomwe padali mayina a anthu.

MUULUTSI: Ndiye pali nkhani ya magetsi. Pulogalamu ili pakati posintha matebulo, magetsi phethi. Zikatero?

MLENDO: Ndiye chifukwa chake pali transaction. Mumauza seva kuti BEGIN, muchita zonse zomwe mukufuna, pomaliza n'kunena kuti COMMIT. Magetsi akazima COMMIT isanafike, seva ikadzayaka imabwerera pomwe idali poyamba, ngati simudakhudze kanthu. Zichitike zonse, apo ayi pasachitike chilichonse. Ubwino wa PostgreSQL n'ngoti ngakhale kupanga ndi kusintha matebulo kumalowa mu transaction. MySQL pa kusintha matebulo siibweza, ndiye ogwiritsa ntchito imeneyo fayilo iliyonse izichita chinthu chimodzi chokha. Komabe kabatire ka UPS kogwiriziza seva mphindi zingapo n'kofunika. Ndimadabwa ofesi ikagula seva ya mamiliyoni n'kuumira pa kabatire.

MUULUTSI: Ena akumva akuti, izi n'za m'tauni, kwathu kuno magetsi kulibe n'komwe.

MLENDO: Awuzeni za Chalasa, mudzi wa kwa Mtema konkuno ku Lilongwe. Mu 2013 a Baobab Health Trust adaikako kaundula wa mudzi wa pakompyuta woyendera mphamvu ya dzuwa, obadwa ndi omwalira n'kumalembedwa pongokhudza galasi la kompyuta. Awuzeninso za chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, komwe mu 2008 laputopu imodzi, mafoni akale ndi pulogalamu ya FrontlineSMS zidalumikiza chipatala ndi anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi. Ntchito yomwe idayambira pamenepo idakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, lomwe lidafika m'mayiko ambiri. PostgreSQL yophunzirira imayenda ngakhale pa laputopu yakale yotchajidwa ndi sola.

MUULUTSI: Tipitirire. Ndani aloledwe kulowa m'sevamo?

MLENDO: Izinso zilembedwe m'fayilo, osati kudina. Pakhale olowa atatu. Woyamba ndi mwini matebulo, amene ma migration amayendera m'dzina lake, ndipo pasiwedi yake idziwike ndi anthu awiri okha. Wachiwiri ndi wolemba, woti angawonjezere ndi kukonza mizere koma sangagwetse tebulo. Wachitatu ndi wongowerenga, wa opanga malipoti ndi ophunzira odzachita kafukufuku. Malamulo ake ndi CREATE ROLE ndi GRANT. Chizolowezi choti ofesi yonse ilowe ndi dzina la postgres, lomwe lili ndi mphamvu zonse, pasiwedi itamatidwa pakhoma, chithe. Ndiponso kumbukirani kuti m'matebulo otere mumakhala mayina a alimi, midzi yawo, nthawi zina manambala a foni. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Database yoyeserera ya pa laputopu isakhale ndi mayina enieni a anthu. Laputopu imabedwa m'minibasi.

MUULUTSI: Tatsala ndi mphindi zochepa, koma backup sitingaidumphe.

MLENDO: Imeneyo ndiye ndikadakonda tikadaipatsa pulogalamu yakeyake. PostgreSQL ili ndi chida chotchedwa pg_dump, chomwe chimatulutsa database yonse n'kuiika m'fayilo imodzi. Mulembe kapulogalamu koitana chida chimenechi, kopatsa fayiloyo dzina lokhala ndi deti, ndipo muuze kompyuta izikayendetsa yokha usiku uliwonse. Pa Linux chochitira zimenezi ndi cron, pa Windows ndi Task Scheduler. Fayiloyo isagone pa kompyuta yomwe pali seva. Ipite pa disiki ina, ndipo kope lina lituluke m'nyumbamo, chifukwa moto, mphezi ndi akuba satenga seva n'kusiya disiki yomwe ili pambali pake.

A nkhokwe ya mbewu zimenezi adazidziwa kale. Mbewu zosungidwa pano zimakhalanso ndi zinzake ku nkhokwe ya mayiko a SADC pafupi ndi Lusaka, ndipo kuyambira mu 2008 nkhokwe zambiri za padziko zimatumizanso mbewu ku Svalbard, m'phiri la madzi oundana ku Norway. Koma chomwe ndimawasirira kwambiri n'china. Sakhulupirira kapaketi chifukwa choti kali m'firiji. Pakapita zaka amatapamo njere zingapo, n'kuziika pa pepala lonyowa, n'kuwerenga zomwe zamera. Malangizo a FAO amati kameredwe kakatsika kupitirira 85 pa 100 ya m'mene kadaliri poyamba, mbewuyo ikabzalidwe kuti papezeke njere zatsopano. Backup nayo imafuna kuyesedwa kameredwe. Kamodzi pamwezi tengani fayilo ya dzulo, muibwezere mu database yopanda kanthu ndi pg_restore, muwerenge mizere ya tebulo lililonse, muyerekeze ndi ya pa seva yeniyeni.

MUULUTSI: Kodi fayilo ingakhalepo koma osagwira ntchito?

MLENDO: A GitLab aja ndi mboni. Atathamangira ku backup adapeza kuti pg_dump yawo idakhala ikulephera kwa nthawi, chifukwa chidacho chidali cha mtundu wa 9.2 pomwe seva idali ya 9.6, ndipo makalata ochenjeza za kulepherako sankafika kwa munthu aliyense. Chidawapulumutsa ndi kope lomwe katswiri yemweyo adatenga pamanja maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zonse za maola 6 amenewo zidapita. Ndiwayamikire kuti nkhani yonse adaifotokoza poyera, ena akadabisa. Choncho kuyesako nakonso kulembedwe ngati code, ndipo kapulogalamuko kazituma uthenga zikayenda bwino, osati zikalephera pokha. Uthenga ukasiya kubwera, mudziwa kuti kwinakwake kwaipa.

MUULUTSI: Foda yathu tsopano yadzaza. Chatsala n'chiyani?

MLENDO: Fayilo imodzi ya mawu wamba, README. Mulembemo m'Chichewa kapena m'Chingerezi, zilibe kanthu, malinga mnzanu amve: choyamba ika ichi, kenaka yendetsa ichi, backup imakhala pakuti, pasiwedi amasunga ndi a udindo wakuti. Mukamaliza, mpatseni mnzanu amene sadaonepo pulojekitiyo, inu mukhale pambali manja m'thumba, pakamwa potseka. Pomwe wakakamira, pamenepo ndiye README yanu yaperewera. Akuluakulu a maofesi amene mukumva, musalandire ntchito ya database kwa munthu aliyense, kaya ndi wolembedwa ganyu kaya ndi wanu, popanda kuona ndi maso anu seva ikuimikidwa kuchokera m'foda pa kompyuta yopanda kanthu.

MUULUTSI: Apatseni ophunzira athu ntchito ya sabata ino.

MLENDO: Aike PostgreSQL, Python ndi Git. Alembe fayilo 001 yopanga tebulo la mbewu zomwe zimalimidwa m'mudzi mwawo, ndi 002 ya mayina ake. Alowetsemo mbewu 20, ndipo imodzi ikhale yochokera kumudzi wa dzina lokhala ndi ng', aone ngati pulogalamu ipirire. Atenge backup. Kenaka, pa laputopu yoyeserera, ndikubwereza, yoyeserera, alembe DROP DATABASE, afufute zonse, n'kuzibwezeretsa. Alembe papepala mphindi zomwe zawatengera.

MUULUTSI: Mwamva, a ku Mpingu ndi kwa Kabudula. Mphindi zimenezo mutitumizire pa uthenga wa foni pamodzi ndi mafunso anu, makamaka mauthenga a mavuto omwe kompyuta yakuonetsani, muwakopere monga alili. Sabata yamawa mayiwa abweranso, tidzawerenga mauthengawo, ndipo tidzaona m'mene zolembedwa za m'munda zotoledwa pa foni zingalowere m'matebulo omwe tapanga lero.



[NYIMBO YOTSEKERA IKWERE]